Lole Imene Sinatuluke M'chikuta

Lolemba lapitali ndinadzichititsa manyazi pamsika wa paboma. Venda wina anayala timagalimoto ta pulasitiki pathumba, pafupi ndi pomwe ndimagulitsira mpunga, ndipo ine, mayi wamkulu ndithu, ndinangozindikira ndatola kamodzi, ndakagadamiza, ndikuyang'anitsitsa kumimba kwake. Vendayo anati, "Mayi, kumeneko kulibe kanthu, galimoto ndi kunoku." Ndinakabwezera pathumba osayankha, ine amene pamsika ponse amadziwa kuti sindigona ndi mawu. Mwezi uno amalume anga, a Fanuwelo Mbewe, akwanitsa chaka ali kumanda, ndipo dzanja langa linangochita zomwe iwo analizoloweretsa.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi anga. Anakwatira ku Chia, kwa aNankhoma, ndipo anakhala mkamwini kumeneko kuyambira ine ndisanabadwe mpaka tsiku lomwe tinawanyamula. Anali munthu wamtali, woonda, wouma pakamwa, wovala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ankalima mpunga ndi chinangwa ngati wina aliyense, ankatcheranso miono iwiri itatu m'mabango. Galimoto yeniyeni sanayendetsepo. Ngakhale njinga, akafika pamchenga ankatsika n'kumaikankha. Koma kuchokera ku Chia mpaka kwa Malengachanzi, mukafunsa a Mbewe anthu ankakuyankhani kuti a Mbewe ake ati, pomwe mukati a Galaja ngakhale wogontha ankakulozerani njira.

Dzinalo linachokera ku kabati ya galasi yomwe inali m'chipinda chawo chochezera. M'menemo munali magalimoto achitsulo, ena aatali ngati chala, ena odzaza chikhatho: mabasi osanja, malole, mathirakitala, ambulansi, galimoto yozimitsa moto yokhala ndi makwerero otambasuka. Mukati zidole, mwayamba mlandu. Ankati chidole ndi chitsononkho chomwe mwana wabereka kumbuyo, koma awa ndi magalimoto, angochepa msinkhu. Ndipo kuchepako, ankatero, si kwachisawawa. Kuli ndi muyeso wake, umene ankautcha sikelo. Akuluakulu aja mutawandandalika makumi anayi ndi atatu, mphuno kumchira, mupeza kutalika kwa galimoto yeniyeni. N'chifukwa chake aang'ono anali ndi shelefu yawo, akulu yawo. Ankati mbuzi ndi ng'ombe sizigona khola limodzi.

Anawapeza ku Bulawayo, komwe anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba yosungiramo katundu ya sitolo ina yaikulu. Chizungu cha zinthu zimenezi anachimva komweko, koma pobwera anachisiya pamalire. Chilichonse anachitcha m'chathu, kuti ngakhale ine amene sukulu ndinangoinunkhiza ndimve.

Galimoto yomwe inatuluka m'bokosi koma ilibe chipsera, ndipo bokosi lake lilipo, ankaitcha yapakhomo. Yotaya bokosi inali yamasiye. Imene ana anaikwekweza pansi mpaka utoto kusupuka m'makona ankati yaona msewu, ndipo imeneyo sankainyoza, ankati zipsera zake n'zoona. Yomwe ankadana nayo inali yodzola, ndiye kuti imene munthu waipakanso utoto kuti ioneke yatsopano. Akaitchula ankachita tsinya ngati waponda ndowe. Nanga angaidziwe bwanji? Kumimba. Mukawapatsa galimoto, asanaione nkhope ankayamba kuigadamiza, chifukwa kunsiko n'komwe afakitale amadinda dzina lawo, dziko ndi nambala. Komweko kuli kamutu kachitsulo kozungulira komwe kamamanga thupi ndi mimba. Iko ankakatcha mchombo. Mchombo ukakhala wobooledwa, basi, wina analowamo, ndipo zonse zomwe galimotoyo ikukuuzani n'zabodza.

Ankatinso chitsulo chake amachisungunula n'kuchithira m'chikombole monga timachitira ndi dothi la njerwa. Choncho magalimoto awiri otuluka m'chikombole chimodzi, ina yobiriwira ina yachikasu, kapena osiyana matayala okha, ankawatcha a bere limodzi. Anali ndi mabasi atatu otero. Ine ndinkaona basi imodzi yomweyo katatu, iwo ankaona anthu atatu osiyana makhalidwe.

Loweruka lililonse masana ankayala mphasa, n'kuwatulutsa imodziimodzi, n'kumawapukuta ndi nthenga ya bakha. Madzi ayi. Nsalu ayi. Mdani wawo wamkulu ankamutcha chiswe cha chitsulo. Kuno kunyanja chinyontho n'chambiri, ndiye ena mwa magalimoto akalekale amayamba ming'alu, kutupa, kenaka kuyoyoka ngati chigumu chogona. Mankhwala ake palibe. Mvula ikayandikira ankafika pabenchi langa kumsika, n'kuima osanena kanthu mpaka ndiwatapire mpunga wodzaza manja awiri. Ankakaukazinga, n'kuumanga m'kansalu, n'kuuika m'kabati kuti uzimwa chinyonthocho. Ine ndinkawaseka kuti, "Amalume, magalimoto anu ndi okhawo m'Nkhotakota muno oyendera mpunga." Sankaseka, koma ndevu zinkagwedera.

Mwa mawu awo onse, lolemera linali limodzi. Galimoto yomwe sinatulukepo m'bokosi chichokereni kufakitale ankaitcha ya m'chikuta, ngati khanda lomwe likadali m'nyumba ndi mayi wake, lisanaonetsedwe kunja. Yotere anali nayo imodzi yokha. Inkakhala pashelefu ya pamwamba, pakona: kabokosi kachikasu kofwifwa, kojambulidwa lole yofiira, komata ndi pepala la m'sitolo kukamwa kwake. Loweruka ankakapukutanso ndi nthenga, koma osakagwedeza.

Nkhani yake anandiuza ndi amayi anga tikupeta mpunga, ine ndili kale pabanja. Inali nthawi ya Chitaganya. Munthu wina wakwathu anafika ku Bulawayo n'kuwauza amalume kuti aNankhoma ali ndi pakati, mimba yoyamba. Mwezi utatha analowa m'sitolo momwe ankagwiramo ntchito, koma ulendo uno polowera makasitomala, n'kugula lole imeneyo. Anaiona kamodzi kokha, wogulitsa asanamate bokosi. Atapatsidwa tchuthi anauyamba wakumudzi, pasitima, pabasi, kwina wapansi. Pofika anapeza mudzi uli zii. Mwana anabadwa ndithu, wamwamuna, koma anapita mchombo usanagwe.

Inu a masiku ano mwina simudziwa. Khanda lotere makolo ankalitcha nthayo. Silinali maliro. Amayi akuluakulu okha ndiwo ankalikulunga n'kukalisiya pakadzenje kosazama, poopa kuti likazama mayiyo auma, saberekanso. Panalibe kulira, panalibe mwamuna, panalibe dzina, ndipo pambuyo pake nkhaniyo sinkatchulidwanso. Amalume anafunsa apongozi awo kudzera mwa munthu kuti mwanayo anamuika pati. Yankho linabwera lakuti mkamwini safunsa zimenezo. Anafunsa mkazi wawo. ANankhoma anatembenukira kukhoma. Amalume sanafunsenso. Anabwerera ku Bulawayo lole ili m'sutikesi, ndipo n'kuyambira pamenepo pomwe anayamba kugula ena, ngati akuifunira anzake.

Amayi anamaliza ndi mawu akuti, "Ukaona kabokosi kaja, ndiye manda amene mlongo wanga ali nawo. Ena alibe. Usadzawafunse."

Ana ena anabwera pambuyo pake: Rute, Mariya, ndi chitsirizira, Gerishomu. Onse anakula akudziwa kuti kabati sagwira. Inalibe n'loko yomwe, chifukwa panalibe woti n'kuyerekeza.

ANankhoma ndi kabati imeneyi anali pa mitala. Mayiwa ndi wamfupi, wa lilime lofulumira kuposa langa, ndipo akapsa mtima mudzi wonse unkamva. "Bambo a Rute," ankatero, "amuna anzanu anabwera ndi makina osokera, ena ndi malata, inu munabwera ndi galaja ya mbewa." Amalume ankangopitiriza ndi nthenga yawo. Zaka zonsezo aNankhoma sanaipukutepo kabatiyo, ndipo za m'katimo ankangoti zanu zija. Koma chaka china denga litadontha amalume ali kudimba, ndinawapeza atafunditsa kabati chitenje chawo cha kutchalitchi, mphasa yawo yogonera ikunyowa.

Mnzawo wa ku Bulawayo anali Che Bwanali, telala wa paboma kuseri kwa mzikiti. Awiriwa akakhala pabawo mkangano unali umodzi womwewo. Che Bwanali ankati nsalu yosasokedwa si malaya, ndiye galimoto yosayenda ingakhale bwanji galimoto? Amalume ankati nanga Che Bwanali nsalu ya ukwati wa mwana wawo amasungiranji m'thiranki. Zinkathera pomwepo, n'kudzayambiranso sabata inayo. Koma kabokosi kachikasu Che Bwanali sankakatchula. Iwo analipo tsiku lomwe kanagulidwa.

Chaka chomwe tinavota koyamba posankha zipani, dziko linapenga ndi utoto. Mitengo, makhoma a magolosale, mabwato, ngakhale nyanga za mbuzi ya munthu wina ku Chia, zonse zinapakidwa mitundu ya zipani. Tsiku lina kunabwera wapampando wa chipani china m'mudzimo, mdzukulu wa aNankhoma ndithu, kudzabwereka basi imodzi yosanja. Ankafuna aipake mtundu wa chipani chake kuti ikakhale patebulo pamsonkhano, anthu aone mabasi omwe akubwera. Amalume anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Mwana wanga," anatero, "nthawi ya chipani chimodzi achinyamata ankabwera pano kufuna khadi. Ndinkagula. Ankafuna nkhuku ya mphatso. Ndinkapereka. Koma basi yanga sanaipemphe. Iwe ufulu wangoulawa dzana, wayamba kale kupaka anthu utoto?"

Mnyamatayo anachoka akung'ung'udza, ndipo kunamveka mbiri yakuti a Galaja ndi a chipani chinacho. Iwo sanatsutse, sanavomere. Tsiku lovota anavala jekete, anaima pamzere, ndipo kufikira imfa yawo palibe anadziwa komwe anaponya.

Zomwe ndikufuna kunena kwenikweni zinachitika chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, mpunga utakololedwa. Amalume anagwidwa chibayo n'kugonekedwa kuchipatala cha paboma. ANankhoma anapita kukawadikirira, ine ndinkaperekera chakudya. Kunyumba kunatsala munthu mmodzi, Esinati, mkazi wa Gerishomu, mtengwa wongofika kumene kuchokera cha ku Dwangwa. Gerishomuyo anali kunyanja ndi anzake ku usipa.

Esinati anali mtsikana wolangidwa bwino, ndipo pamenepo m'pomwe panagona tsoka. Ndi apongozi ake aamuna sankayang'anana. Akawaona panjira ankapatukira kutchire, ndipo mawu ankadutsa mwa aNankhoma. Ndiye zonse zomwe ine ndinamva pamphasa ya Loweruka, iye sanamveko n'limodzi lomwe. Mwamuna wake sanaganize zomuuza, poti kwa iye kusagwira kabati kunali ngati kusagwira moto. Amati safunsa anadya phula. Inde, koma mwana wa eni ake akanafunsa ndani?

Atamva kuti odwala atuluka, anachita zomwe mtengwa aliyense wofuna kutamandidwa amachita. Anasesa, anazira nyumba, anachapa zofunda, anatsikira kugombe n'kukwecha mapoto ndi mchenga mpaka kumaoneka nkhope. Kenaka anatsegula kabati. Anaona timabokosi takale tofwifwa, tina tili ndi zitosi za mphemvu, n'kuganiza kuti ndi zinyalala zomwe nkhalamba zalephera kutaya. Anakhuthula magalimoto onse m'beseni, mabokosi n'kusonkhezera moto. Kugombe anayamba ndi imodzi yoona msewu. Atangoikhula ndi mchenga utoto unachoka, pansi pake panawala chitsulo choyera. Mtsikana anakondwa, anati kani dothi lake n'lomweli. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, imodziimodzi, mosamala, osasiya n'pangodya pomwe. Amayi ena otunga madzi anamuona, koma ankayesa watumidwa.

Tinafika pa matola, n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumsewu, ine nditawagwira amalume pachigongono. Pakhomo panali mbee. Esinati anagwada kutali, pafupi ndi nkhokwe, n'kupereka moni kudzera mwa aNankhoma, nkhope ili yowala ngati ya mwana woyembekeza kuyamikiridwa. ANankhoma anati, "Taonani, bambo a Rute, tapeza mkazi pano." Tinalowa.

Anawandandalika bwino ndithu, pakansalu koluka komwe anabwera nako kuchokera kwawo. Akulu ndi aang'ono pamodzi. Onse anali a mtundu umodzi, mtundu wa poto. Ambulansi, basi, galimoto yozimitsa moto, mabasi atatu a bere limodzi aja, palibe akanasiyanitsa. Timawindo tinali titachita mbuu ndi mchenga.

Ndinamva chigongono chikuuma m'dzanja langa. Maso awo anakwera pashelefu ya pamwamba, pakona. Panalibe kanthu. Anatsika nawo mzere ndi mzere, kenaka anatambasula dzanja n'kutola lole ina yomwe ine ndinali ndisanaionepo. Iwonso anali ataiona kamodzi kokha, asanamere imvi, koma sanaphonye. Anaigadamiza. Mchombo unali wabwinobwino. M'kati mwa tayala limodzi munatsalira kadontho ka utoto wofiira.

"Bokosi lake?" anafunsa, mawu ali pansi.

ANankhoma anatuluka. Tinamva akunong'onezana panja, kenaka kulira kwa mtsikana. Atabwerera anaima pakhomo n'kunena kuti, "Anasonkhezera moto."

Amalume anakhala pansi pampando. Akanakhala Rute kapena Mariya, bwenzi atakalipa, mtima n'kutsika. Akanakhala ine, bwenzi ndikumvabe mpaka lero. Koma mpongozi sakalipiridwa, sayang'anidwa n'kumaso komwe. Ukali wonsewo unasowa kolowera, unangobwerera m'chifuwa chomwe chinali chitangochoka kuchipatala. Ine ndinapsa mtima, sindibisa, ndipo ndinatuluka ndi mawu ali kale pamilomo. Nditamuona Esinati atagwada pafumbi, zala zake zitasupuka ndi mchenga, mawuwo ndinawameza. Gerishomu atabwera kunyanja anafuna kumubweza kwawo tsiku lomwelo. Amalume anamuitana n'kumuuza kuti, "Mwana wa eni ake walakwa chiyani? Watsuka. Ukamuchotsa pano, iwenso unyamuke."

Koma kudya analeka. Ankakhala pampando womwewo, lole ili m'dzanja, osapita kumiono, osafunsa za kudimba. Loweruka linafika, mphasa sinayalidwe. Ine ndinachita mantha kuti munthuyu tamuchotsa kuchipatala kuti adzafere pampando. Ndiye m'mawa wina ndinasiya benchi langa ndi mnzanga, n'kupita ku Chia. Ndinakhala pansi pafupi nawo. ANankhoma anali pakhonde, pafupi ndi chitseko, akusenda chinangwa choviika. Ndinaganiza kuti ndikawakokera ku mawu awo aja mwina pakamwa patseguka.

"Amalume," ndinatero, "yapakhomo ndikuidziwa, yamasiye ndikuidziwa, yodzola ndikuidziwa. Nanga awa tiziwati chiyani?"

Anayang'ana kabati. "Awa alibe dzina, Aginesi." Kenaka anayang'ana ya m'dzanja ija. "Ngati mwini wake."

Mpeni wa pakhonde unaleka kulira. Ndinamva aNankhoma akuika chinangwa m'beseni, akupukuta manja pachitenje. Analowa n'kuima pakati pa chipinda.

"Ali nalo," anatero.

Amalume anadzutsa mutu.

"Dzina ali nalo. Mukuyesa ndinamuyamwitsa ngati mwana wa mbuzi? Ndinkamutcha Samisoni, dzina la bambo anu. Ndinkamuuzira m'khutu amayi akatuluka." Mawu awo sanatsike. "Amayi ndi anamkungwi anandiuza kuti ndikadzatchula sindidzaonanso mwana. Ndinaopa. Ana atabwera ndinaopa kuti afa. Atakula ndinali nditazolowera kuopa. Inu munali ndi kabokosi kanu, ine ndinkakayang'ana mukapita kudimba. Lero pa wailesi anthu akutchula abale awo omwe anasowa kalekale, palibe akuwamanga. Amayi anapita, anamkungwi onse anapita. Ine ndiziopabe ndani? Valani jekete."

Tinayenda atatu, ine nditawagwira amalume, aNankhoma ali patsogolo ndi ndodo. Tinadutsa minda ya chinangwa, n'kutsikira kudambo komwe kunali ziputu za mpunga zokhazokha. Kumapeto kwa munda wa munthu wina kunali chulu chachifupi, chomera kanjedza pambali. Ndinali nditadutsapo kambirimbiri. Amalumenso, popita kumiono, njira yawo inali yomweyo.

"Apa," anatero aNankhoma. "Kumunsi kwa chulu, mbali ya kunyanja. Amayi anandilozera ndi mlomo tsiku lina tikuchokera kunkhuni. Sananene kanthu, inenso sindinanene."

Amalume anavula chipewa. Anaima, kenaka ndinawathandiza kugwada. Ndiye analira. Sikunali kulira kwa mwamuna kobisa nkhope m'jekete ayi, anali maliro enieni, okweza, oitana dzina. Anthu omwe ankakunkha mpunga chapatali anaimirira n'kumayang'ana. Ine ndakhala pa maliro ambiri, koma sindinamvepo chisoni ngati tsiku limenelo, poona nkhalamba ikulira khanda lomwe likanakhala ndi imvi.

Atatonthola anayamba kufukula dothi ndi zala. Linali louma, ndiye ndinawapatsa kamtengo. Anakumba, natulutsa lole m'thumba la jekete, naipukuta ndi chala chachikulu. Ataona kuti dzenje lachepa anafuna kuonjezera.

"Musazamitse, bambo a Samisoni," anatero aNankhoma.

Mayi wa zidzukulu, woyendera ndodo, akuopabe kuuma. Anazindikira okha zomwe ananena, anayamba ngati aseka, kusekako n'kusanduka kulira. Anagwada pambali pa amuna awo, ndipo anakwirira limodzi, manja anayi.

Madzulo a tsiku limenelo amalume anadya. M'mawa mwake anatuma aNankhoma kuti akapereke nkhuku kwa Esinati, amuuze kuti apongozi akuti alekeretu kulira, madzi akatayika saoleka. Magalimoto otsalawo anawagawira ana a m'mudzi, imodziimodzi, aliyense akumuuza kuti iyi inali ambulansi, iyi inali yofiira, iyi ndi iyo n'za bere limodzi. Sabata isanathe onse anali ataona msewu. Kabati aNankhoma anaikamo mbale.

Amalume anakhala chaka china chimodzi. Kumiono analeka, koma m'mawa uliwonse mphepo ikalola ankavala jekete n'kutsikira kudambo. Ananyamulirako njerwa ziwiri zoti azikhalira. Mwini mundawo, bambo wina wofika kumene m'derali, sanafunse zambiri. Anangoona kuti agogo amakonda pamenepo, ndipo polima anasiya kachigawo kozungulira chulu. Zomwe amalume ankanena kumeneko sindidziwa. Wina anandiuza kuti anawamva akufotokoza za sikelo, pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa munthu. Kuzizira kutabweranso chibayo chinabwera nako, ndipo ulendo uno anakana chipatala. Che Bwanali anabwera kudzakhala nawo pasiwa, atavala mkanjo wawo woyera pakati pa anthu a tchalitchi.

Ndimawasowa amalume. Mvula ikamayandikira ndimayang'anabe kukhomo la msika.

Nditachoka kwa venda uja Lolemba, sindinabwerere pabenchi. Ndinakwera minibasi ya ku Chia. ANankhoma miyendo inawakana, kudambo safikako, ndiye ndinatsikirako ndekha. Kanjira komwe amalume anaponda kuchokera kumunda wa chinangwa katsekeka, ndinachita kupatula udzu ndi manja. Njerwa ziwiri zija zilipo, imodzi yapendekeka, chiswe chamangapo. Kanjedza wakula, masamba ake akukhudza pansi mbali ya kunyanja. Pomwe tinakwirira sipadziwikanso, mvula inasalaza. Palibe mtanda, palibe mwala, ndi chulu chabe ngati zulu zina zonse za m'dambomo, ndipo mizere ya khasu yafika pafupi kuposa chaka chatha.

Mwini munda anandiona nditaima, nabwera khasu lili paphewa. Titapatsana moni anati, "Mayi, popeza agogo aja sabweranso, ndimati chaka chino ndilime mpaka pachulupa. Dothi lake n'labwino."

Ndinamuuza kuti ayi, asalime. Pali munthu pamenepo, dzina lake Samisoni Mbewe.